Goli Lachitatu la a Enoki

Zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu ndinkadutsa pa shedi ya a Enoki ngati ndikudutsa pachulu. Popita kuchigayo ndinkapendeketsa thumba kuti libise nkhope. Pochokera kusikelo ndinkatembenukira kumsana, n'kumatonthoza mwana amene ali mtulo. Iwo ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mwaswera, make mwana?" Ine kuyankha kwake kwa m'mphuno, phazi lili m'njira. M'mudzi monse munalibe amene ankadziwa kuti bambo amenewa ndi amalume anga enieni, alongo awo a amayi anga, bere limodzi.

A Enoki ndi mmisiri wosema. Mipini, mitondo, misi, mipando ya ndalema, zonse zimachokera pa shedi yawo ya udzu m'mbali mwa msewu wopita ku Guilleme. Ndi aatali, owonda, amanzere, ndipo sakhala pansi. Amasema ataimirira, amadya ataimirira, m'tchalitchi amaima kumbuyo pafupi ndi chitseko ngati munthu amene wasiya mphika pamoto. Pamwamba pa shedi pali chikwangwani cha lata chimene analemba okha ndi penti wofiira: ENOKI KAPOLO, MMISIRI WA MITENGO. Mfunda wawo ndi Mbewe. Dzina la Kapololi anachita kulitola pansi pomwe anthu anawaponyera, n'kulikhoma pamwamba.

Mlendo sangamvetse, ndiye ndifotokoze. Kuno kwathu, m'dera la Zulu, mudzi wathu uli ndi mabanja amene amatchedwa a kuseri kwa khola. Awa ndi zidzukulu za anthu amene anabwera ndi chingwe m'nthawi ya nkhondo zakale, ena ogwidwa, ena ogulidwa. Palibe amanena mokweza. Umangoona. Pamaliro a mabanja a kumtunda, eni mudzi, iwo ndi amene amasenda ng'ombe, n'kulandira mapazi. Manda awo ali kumunsi, cha kudambo, komwe dzenje limadzaza madzi dzinja likafika. Mnyamata wa kumtunda akafuna mtsikana wa kuseri, ankhoswe amayamba kutsokomola mpaka nkhani imafera m'chifuwa.

Agogo awo a a Enoki, a Anasi, anafika m'mudzi muno ali kamtsikana, akuyenda pambuyo pa amayi awo amene anali m'goli, uja mtengo wa mphanda wotsekera khosi la munthu. Amayiwo anapitirira nawo ulendo. Mwanayo anasiyidwa, kusinthanitsidwa ndi khasu ndi dengu la mapira. A Enoki amati a Anasi sankakamba za ulendowo. Koma mpaka kufa kwawo anakana kugona m'nyumba yokhala ndi mzati wa mphanda. Khonde lawo linali la mitengo yowongoka, yomangidwa ndi luzi, ndipo linkagwa chaka ndi chaka.

A Enoki anathawa mudzi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anawoloka malire wapansi, n'kukwera lole mpaka ku Kitwe. Kumeneko anapeza kuti munthu wakuda saloledwa kulowa m'butchala, amagulira nyama pa kawindo ka kumbali, osaona chimene akumukulungira. Anali m'gulu la anyamata amene ankaima pakhomo kuletsa anthu kugula mpaka kawindoko katatsekedwa. Dzino lawo lakutsogolo linatsala komweko, pa ndodo ya wapolisi. Atabwerako ndi sutikesi ndi nsapato zowala anafunsira mtsikana wa kumtunda. Anawabweza pakhomo, sanawapatse ngakhale mpando. Mlungu womwewo anakagula penti wofiira uja.

Pambuyo pake anakwatira mayi wina wa ku Chipata, amene anamwalira osasiya mwana. Mu 1993, pa voti ya matipate, anali woyamba pamzere, ndipo anavotera nyale, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri. Akuti anauza aliyense kuti ufulu ukabwera manda a kudambo akwera kumtunda. Ufulu unabwera, wailesi inaimba, anthu anavala malaya a zipani. Manda sanasunthe.

Amayi anga anasankha njira ina. Anachoka ali aang'ono kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Boma, sanabwererenso, ndipo anaphunzira kunena kuti kwawo n'ku Kasungu. Ine ndinabadwira ku Boma, ndinaphunzira mpaka Fomu 2, n'kutenga mimba ya Vitus, mnyamata amene ankabweretsa mtedza pamsika ndi njinga. Nditatchula dzina la mudzi wake amayi anakhala pansi pa dothi.

"Midzi yonse ili m'Mchinji muno, iwe wakasankha womwe ine ndinathawa?"

Ndi tsiku limenelo pomwe ndinamva za a Anasi ndi za a Enoki. Amayi anandigwira dzanja mpaka kupweteka. "Kumeneko ndi kwa Angoni. Akalowola, mwana ndi wawo. Akadziwa za ife adzakupitikitsa ndi chitenje chako chokha, mwana adzatsala. Mlongo wanga ukamuona, usamuone."

Paukwati amayi sanabwere, anati mwendo watupa. Ankhoswe anachokera kuchimuna kwa bambo anga. A Enoki anaima patali, pansi pa mtengo wa mango, osadya. M'mawa mwake ndinapeza mtondo watsopano pakhomo, wopanda mwini. Ndimasinjiramo mpaka lero.

Choncho ndinakhala, khutu lili kunja. Sheila anabadwa, anakula, n'kuyamba kudya ndi dzanja lamanzere. Ndinkamumenya pa dzanjapo, osati chifukwa cha mwambo ayi, koma mantha. Ndiponso mwanayu sakhala pansi.

Mu Juni 2007 apongozi anga, aNasoko, anakakhala milungu itatu kuchipatala cha ku Boma kudwazika mchemwali wawo. Kukhitchini ya odwazika kumakumana amayi a midzi yonse, ndipo nkhani zimapsa msanga kuposa nyemba. Sindikudziwa amene anawauza chiyani. Anabwerako ndi maso ena. Ankaima pakhomo panga kuyang'ana Sheila akudya. Tsiku lina tikusenda mtedza anandifunsa osandiyang'ana.

"Make Sheila, amayi ako paja amati kwawo n'ku Kasungu. Kasungu yake iti?"

"Kwa Santhe, amayi."

"Eya. Kwa Santhe. Anthu a kwa Santhe amafanana ndi anthu ena."

Mtedza unandigwa m'manja.

Mwezi wotsatira aphunzitsi a Timoteyo anaimirira m'tchalitchi kulengeza. Ndi mnyamata wabwino, wa ku Mulanje, anali atangotha miyezi isanu kuno. Anati chaka chino pakwana zaka 200 chikhazikitsireni lamulo la ku Mangalande loletsa malonda a akapolo, mayiko akukumbukira, ifenso tikumbukire. Padzakhala mapemphero, nyimbo, ndi sewero la ana. Anapempha bungwe la amayi kuti lisankhe ana khumi ndi awiri odzavala magoli, poti amayiwo ndi amene amadziwa ana a m'mudzi. Wapampando wa bungwelo ndi apongozi anga.

Tinakhala pamphasa kuseri kwa tchalitchi. Mayina anayamba kutuluka, mmodzi apa, wina apo, popanda kukangana, ngati anthu akutola nkhuni zimene anaunjika kale. Ndinkawerenga chamumtima. Ana khumi ndi mmodzi, onse a kuseri kwa khola. Amayi awo anali pomwepo, maso ali pa zala za kumapazi. Aphunzitsi ankalemba akumwetulira.

"Watsala mmodzi, amayi."

Apongozi anakonza duku. "Lembani Sheila. Mdzukulu wanga."

Mayi wina anatsokomola. Aphunzitsi anati, "Zikomo kwambiri amayi, mwapereka chitsanzo chabwino," n'kulemba.

Ndinadziwa kuti ndi msampha. Ndikakana, andifunsa chimene ndikuopa. Ndikamuthawitsira ku Boma tsikulo, ndavomera. Ndikalola, mwana wanga ayenda pamzere umenewo mudzi wonse ukuona, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. Kenako adzakhala pansi akuluakulu, ine ndidzapatsidwa njira, Sheila adzatsala kukhala wotunga madzi wa agogo ake. Vitus nditamuuza kuti sindikufuna, anaseka akupopa njinga. "Iwenso, ndi sewero chabe. Chaka chatha anali nkhosa pa Khirisimasi, wamera ubweya?" Iye sankadziwa kanthu.

Lachitatu masana ndinatenga khasu lomwe mpini wake unali wabwinobwino, n'kuugulula, kupita ku shedi. Ndinapeza a Enoki akukangana ndi a Chande, atelala a pa tredingi, mnzawo wa zaka zambiri.

"Aphunzitsi akufuna mkanjo wanga," ankatero a Chande. "Akuti wogula anthu avale. Ndati pepani, mkanjo wanga umapita kumzikiti Lachisanu, sugula munthu."

"Wakana chifukwa ndi wong'ambika."

"Iwe Kapolo, agogo anga akanakugula iwe akanakubweza tsiku lomwelo. Kapolo wanji wosamva, wosakhala pansi?"

"Agogo ako anali ndi chiyani chogulira munthu? Singano?"

Anaseka mpaka a Chande kupukuta misozi ndi kofia. Atandiona anatsanzika. Tinatsala awiri. A Enoki anatenga mpini uja, kuutembenuza, n'kundiyang'ana.

"Mpini uwu ndinasema ndine. Ulibe vuto."

Mawu amene ndinawasunga zaka zisanu ndi ziwiri anatuluka opanda mphamvu. "Amalume."

Sanadabwe. Anaika mpini pansi pang'onopang'ono. "Felista. Amako ali bwanji? Mwendo uja unaphwa?"

Ndinalira. Iwo sanandigwire, anangoyendayenda mu shedi, kusuntha zinthu zimene sizinafunike kusuntha. Kenako anasolola pepala lomwe linatsomekedwa kudenga. Aphunzitsi anawapatsa ntchito yosema magoli khumi ndi awiri aang'onoang'ono, ndipo Loweruka ana abwere adzawayeze makosi.

"Kanani, amalume. Nenani kuti mwadwala. Pitani ku Chipata."

"Ndikakana adula nsungwi, amanga ndi luzi, sewero lichitika. Ana omwewo."

"Ndiye nditani? Andilanda mwana."

"ANasoko anena kuti akudziwa?"

"Sananene."

"Sanena. Akufuna mudzi uwanenere." Anapinda pepala lija. "Mdzukulu wanga amadya ndi dzanja liti?"

"Lamanzere."

"Ndiye usiye kumumenya. Ndimamva kuchokera kuno." Anatenga nkhwangwa n'kuyesa kuthwa kwake ndi chala. "Pita kwanu. Usathawe, usakane. Ine khosi la mwana sindinayezepo."

Sanandiuze china. Loweruka ana atapita anapeza shedi ilibe munthu. A Enoki anali atalowera kumapiri ndi nkhwangwa ndi thumba la mbatata. Anatha masiku asanu. Ine masiku amenewo mchere ndinkathira kawiri, pena osathira. Ndinkatsatira Sheila ndi maso mpaka akhote pa chigayo, n'kukaimanso pomwepo nthawi yoweruka. Kumjigo ana anali atayamba kale kumuseka. "Kapolo, tipopere madzi!" Iye osamva kupweteka, ankapopa akuseka. Anabwera tsiku lina akudumpha.

"Amama, aphunzitsi akuti ine ndimalira bwino kuposa onse. Ndikuonetseni?"

"Usandionetse."

"Ndimati, mayo, mayo, musandisiye!"

Ndinathawira kuseri kwa bafa.

Tsiku linafika, Loweruka lakumapeto kwa Ogasiti, la mphepo ndi fumbi. Bwalo la tchalitchi linadzaza. Akumtunda anakhala pamabenchi pamthunzi, akuseri pansi cha kudzuwa, monga mwa masiku onse, popanda wowauza. Kwaya inaimba. Aphunzitsi anawerenga mbiri, kutchula Nkhotakota, Zanzibar, nyanja zazikulu, malo akutali okhaokha. Ana khumi ndi awiri anaima pamzere atapakidwa phulusa, Sheila ali kumapeto. Magoli kunalibe. Aphunzitsi ankayang'ana wotchi ndi msewu.

Kenako tinamva kulira kwa njinga yopanda mafuta. A Enoki ankaikankha, atamangirira mitengo itatu ya muwanga, yaitali kuposa munthu, yonenepa ngati ntchafu, iliyonse ndi mphanda yake yobooledwa ndi chitsulo chotsekera. Anamasula n'kuigwetsa pakati pa bwalo. Nthaka inagunda.

"Madala," anatero aphunzitsi motsitsa mawu, "ndinati khumi ndi awiri. Aang'ono, a ana."

"Mitengo ing'onoing'ono ya mphanda iliko yambiri, aphunzitsi. Dzanja linakana." Anatembenukira kwa anthu. "Inu ndinu mlendo, mulibe mlandu. Koma afunseni amayiwa ngati ana awa anawasankha ndi maere. Afunseni chifukwa chake pa ana onse a sukulu, goli lapita kukagogoda makomo omwe aja."

Aphunzitsi anayang'ana pepala lawo, kuyang'ana ana, kuyang'ana anthu okhala padzuwa. Ndinaona nkhope yawo ikugwa.

"Kukumbukira n'kwabwino," anatero a Enoki. "Koma anyamule ndi akuluakulu. Ana akhale pansi aonerere. Loyamba ndi langa, dzina lili pa chikwangwani."

Anagwada, koyamba ine kuwaona atagwada, n'kulowetsa khosi m'mphanda. Anatseka okha chitsulo. Poti aimirire mtengo unawakokera chagada. A Chande anatuluka m'gulu akuthamanga n'kunyamula kumchira.

"Ndanyamula kuti lisakuthyole khosi. Usakanene kuti ndakugula!"

"Nyamula bwino, telala, si nsalu iyi."

Anthu anaseka, kuseka kothawira. A Enoki anadikira kuti kuthe.

"Lachiwiri ndi la aliyense amene agogo ake anabwera ndi chingwe. Abwere, ana apume."

Akuseri anawerama. Ndinawamvetsa, kudziwika n'kwina, kuimirira n'kwina. Pamenepo apongozi anga anadzuka pabenchi, kupita pamzere wa ana, n'kugwira Sheila paphewa.

"Sewero lisafe chifukwa cha misala ya munthu mmodzi. Mwana uyu anapatsidwa mbali yake. Pita, Sheila, kavale."

Sheila anathamanga mokondwa. Anagwira mtengo uja ndi manja awiri, kukoka, osasuntha. Anagwada n'kuyamba kulowetsa kamutu kake m'mphanda momwe unagonera pansipo.

Sindikumbukira kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangozindikira ndamukoka mwendo, ndamuimika kumbuyo kwanga. Ndinanena mokweza, kuti ngati n'kufa ndife kamodzi.

"Amalume, ndivekeni. Ndine Felista, mdzukulutuvi wa a Anasi."

Phokoso linayenda m'mabenchi ngati moto wa m'udzu. A Chande ndi amene ananditsekera chitsulo, manja awo akununkha mafuta a makina. Kulemera kwake sindingakufanizire ndi mtolo wa nkhuni, pakuti mtolo umautula ukafuna. Langa panalibe wonyamula kumchira. Linkakwekwereka, kulemba mzere m'fumbi. Tinazungulira bwalo kamodzi, amalume patsogolo, ine pambuyo. Ndinadutsa pamaso pa Vitus. Anagwira chiwongolero cha njinga yake, maso ali pa tayala.

Titaima, a Enoki analoza goli lotsala ndi phazi.

"Ili lili ndi mwini wake, ndipo ali pompano. A Anasi sanasiyidwe okha m'mudzi muno. Anali atsikana atatu. Mmodzi anafa chaka chomwecho. Mmodzi ndi agogo anga. Wachitatu anali wokongola, anakwatiwa kumtunda kwa khola, anapatsidwa mfunda watsopano, anabereka mbumba yaikulu. Zidzukulu zake zakhala pamthunzi. Sindikakamiza munthu. Ndilisunga."

Pamabenchi panalibe woyang'ana mnzake. Nkhalamba zina zinayamba kufunafuna ndodo. Mwambo unatha popanda pemphero lotsekera.

Chimene ndinkaopa chinabwera tsiku lomwelo. Ndikuvulidwa goli, apongozi anali atatenga kale Sheila. Anamulowetsa m'nyumba mwawo. Nditapita anandiimitsa pakhonde. "Mwana ali kwawo. Lolemba tikambirana." Masiku awiri ndinkamva mawu ake kuseri kwa mpanda, akufunsa ngati sewero lidzachitikenso. Vitus anandifunsa funso limodzi lokha, "Bwanji sunandiuze?" Ndinati, "Ukanatani?" Iye anatenga njinga n'kuchoka.

Lolemba m'mawa anayala mphasa pafupi ndi khola la apongozi. Wotsogolera nkhani anali a Benedicto, ang'ono awo a malemu apongozi aamuna. Panali azakhali awiri, apongozi, Vitus, ndi ine pandekha, pakuti nkhoswe wanga anali kutali ndipo sanamuitane. A Benedicto anayamba mozungulira, za ulemu, za magazi, za munthu wolowa m'nyumba ya eni atabisa nkhope. Anati banja lino silinasakanizikepo. Anati njira ya ku Boma ndi yotseguka, koma mwana ndi wa khola lino. Ine ndinkangoyang'ana chitseko chimene Sheila anali kuseri kwake.

Njinga yopanda mafuta inalira kumpanda.

A Enoki analowa osaodira. Anamasula goli lachitatu, kuliyedzamiritsa pa mtengo wa khola, n'kutulutsa m'thumba chibenthu cha botolo losweka, chimene amasalazira mipini. Anayamba kupala mkati mwa mphanda. Khwe. Khwe. Khwe.

"A Mbewe," anatero a Benedicto, "mwasochera?"

"Ayi, bambo. Tsiku lija ndinaona kuti mkatimu muli tizibanthu. Mwini wake angakhulike khosi. Pitirizani, ine ndilibe mawu."

"Shedi yanu ilibe malo?"

"Kuno kuli kuwala kwabwino."

Khwe. Khwe. Anthu odutsa kupita kumjigo anayamba kuchepetsa liwiro, kusuzumira pampanda, kuona goli lili pa khola la ndani. A Benedicto anayesa kubwerera pomwe anasiyira, za magazi osasakanizika, koma mawu anawathera pakati. Anatsokomola. Azakhali wina anati ali ndi nyemba pamoto. Ndinayang'ana apongozi. Maso awo sanali pa ine, anali pa mphanda ija, ndipo dzanja lawo linali pakhosi, likusisita mkanda wa korona.

"Alamu," anatero potsiriza, mawu ali okhuthala, "nkhaniyi yatalika. Mwana amafuna amake. Ndani amusambitse, ine ndi nsana wangawu?" Anadzuka n'kutsegula chitseko. "Tuluka iwe, ukundithera shuga. A Mbewe, chotsani chimtengo chanucho, ng'ombe zikuopa."

Sheila anathamanga n'kundigwera pamiyendo. Pamenepo m'pamene Vitus anakweza mutu n'kunena mwamphamvu kuti, "Ine mkazi wanga sachoka pano." Mvula itakata kale, iye ndiye akubwera ndi ambulera. Komabe ananena, ndipo ndimamuwerengera.

Patapita mlungu ndinapita ku shedi, ulendo uno ndi mbale ya futali, poyera. Goli linali litapachikidwa kudenga, moyang'ana msewu.

"Amalume, ndiuzeni ine ndekha. Ndi la apongozi?"

"Ndinapeza mitengo itatu yokwana. Ndikanapeza inayi ndikanasema inayi."

"Nanga mtsikana wachitatu uja?"

"Analipo. Zimenezo n'zoona. Ndinamva kwa amayi anga."

"Dzina lake?"

Anatafuna futali ataimirira, kuyang'ana msewu. "A Anasi anakana kumutchula. Ankati mnzanga anapeza polowera, musiyeni."

"Ndiye inu simukudziwa?"

"Ine ayi. Iwo akudziwa. Nyumba iliyonse kumtundako ili ndi agogo amene safunsidwa kwawo."

Ndinaseka, kenako thukuta linandituluka, poganiza kuti mwana wanga anapulumukira pa chinthu chimene amalume sankachidziwa.

Papita zaka ziwiri. Aphunzitsi a Timoteyo anapita nyumba ndi nyumba kuseri kwa khola kukapepesa, ndipo chaka chatha ana anasankhidwa potola timapepala m'chipewa. Manda sanasunthebe. Apongozi sadya ndiwo zophika ine, amati ndimachulutsa mchere. Ena kumjigo anasiya kundibwereka chidebe, ena amene sankandilankhula anayamba kundiitana kuti achemwali. Amayi anga sanabwerebe, koma anatumiza chipewa cha alongo awo. Sheila akaweruka amathamangira ku shedi, amaima pambali pa agogo ake, chibenthu cha botolo chili kudzanja lamanzere.

Mtima wanga sunakhale pansi. Amalume akutsokomola chaka chino, ndipo nkhwangwa yayamba kuwalemera. Ndikamva njinga ikuima pakhomo ndimayamba ndaona komwe kuli Sheila. Ndimadzifunsa kuti tsiku limene shedi idzatsekedwe, a Benedicto sadzayalanso mphasa kodi?

Ndinawafunsa zimenezi mwezi watha. Anatsitsa goli lija, kulipukuta fumbi, n'kulipaka mafuta a nsatsi.

"Ndikafa udzalitenge. Usadzaliike m'nyumba, a Anasi angakwiye. Pakhonde, poonekera msewu."

"Ndimaliopa, amalume."

"Nawonso amaliopa."

Dzulo ndinauza Vitus kuti akhome misomali iwiri ikuluikulu pakhoma la khonde. Anafunsa kuti ndi ya chiyani. Ndinati adzaona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukabwereka hamala.